MARCELLIN CHAMPAGNAT WOYERA: MWANA WOBWEZEDWA KUSUKULU AMENE ANADZAMANGA SUKULU ZA ANA AKUMUDZI

Chaka cha sukulu chikamatha, pasukulu ya pulayimale ya mishoni pamakhala piringupiringu. Ana amasesa bwalo ndi kuwaza madzi kuti fumbi ligone, akwaya amakonzekera Misa yothokoza, akomiti ya sukulu amakhala pamipando yakutsogolo, ndipo makolo amadzaza pansi pa mitengo kudikira kuti aphunzitsi aakulu ayambe kuitana maina. Mwana amene wakhala nambala wani amanyamulidwa m'mwamba, amayi nthungululu zili pakamwa, ena akumufupa ndalama, makope ndi sopo. Koma kumbuyo kwa gulu kumakhalanso ana ena amene maina awo amatchulidwa kumapeto, anthu atayamba kale kubalalika. Amenewa amabwerera kwawo ataweramitsa mitu, ndipo ena mwa iwo saonekanso pasukulu chaka chinacho.

M'kope lino tikambe za munthu amene anali m'gulu lachiwirili. Iyeyu anathawa sukulu ya pulayimale, ndipo atalowa seminale yaing'ono anauzidwa pakutha pa chaka choyamba kuti asadzabwerenso. Munthuyo ndi Marcellin Champagnat woyera, amene anayambitsa chipani cha Abulazala a Marist. Ife a kuno ku Chimbiya dzinali si lachilendo, pakuti ana ake auzimu akhala anansi athu ku Mtendere kwa zaka zambiri.

KUBADWA NDI UBWANA WAKE

Marcellin anabadwa pa 20 Meyi 1789 m'kamudzi ka Le Rosey, m'parishi ya Marlhes, kumapiri a dziko la France. Anali mwana wachisanu ndi chinayi m'banja la ana khumi. Chaka chimene anabadwacho n'chomwe chinayamba chipolowe chachikulu chimene anthu a ku France anagwetsa nacho ufumu. Pa zaka zotsatira matchalitchi ambiri anatsekedwa, ansembe ena anaphedwa, ena anathawa, ndipo sukulu zakumidzi, zimene zambiri zinali m'manja mwa Eklezia, zinafa.

Bambo ake, a Jean-Baptiste, anali mlimi amene analinso ndi chigayo, ndipo anapatsidwa maudindo m'boma latsopanolo. Kwa iwo Marcellin anaphunzira ntchito zamanja: kulima, kupala matabwa ndi kumanga ndi miyala. Mayi ake, a Marie Chirat, anali munthu wolimba mtima ndi wokonda kupemphera. M'nyumbamo munkakhalanso azakhali ake, a Louise, asisiteri amene anathamangitsidwa ku nyumba yawo ya chipani pa nthawi ya chipolowe ija. Amayi awiriwa ndiwo anaphunzitsa mwanayu mapemphero ndi kukonda Amayi Maria. M'mera mpoyamba.

Za sukulu ndiye sizinayende. Tsiku limene Marcellin anapita kukayamba, mphunzitsi anamuitana kuti awerenge. Mwana wina anafulumira kuimirira m'malo mwake, ndipo mphunzitsiyo anamuwomba khofi mnzakeyo pamaso pa onse. Marcellin atafika kunyumba anakanitsitsa kubwereranso kwa mphunzitsi ameneyo. Nthawi inanso anaona wophunzitsa katekisimu akupatsa mwana dzina lachipongwe, ndipo anzake anamukakamira nalo dzinalo mpaka mwanayo anasanduka wamanyazi ndi wodzipatula. Zinthu ziwirizi sanaziiwale moyo wake wonse. Choncho anakula akuweta nkhosa, kugula tiana tankhosa, kutinenepetsa ndi kutigulitsa. Pa malonda anali wochenjera, koma powerenga ndi polemba anali m'mbuyo kwambiri.

PA SEMINALE YAING'ONO

Mtendere utayamba kubwerera, arkidayosizi ya Lyon inapezeka kuti ilibe ansembe okwanira. Kadinala Fesch, amene anali malume ake a Napoleon, analamula kuti anyamata afunidwe m'midzi. Wansembe wina anafika pakhomo pa a Champagnat, nacheza ndi anyamata a m'banjamo mmodzimmodzi. Akuluwo anakana, koma Marcellin, mnyamata wa zaka pafupifupi 14, anamva mumtima mwake kuti Mulungu akumuitana.

M'chaka cha 1804 bambo ake anamwalira. Marcellin anatumizidwa kwa alamu ake, a Benoît Arnaud, amene anali mphunzitsi ku Saint-Sauveur, kuti akamukonzekeretse. Atayesa kwa miyezi ingapo, alamuwo anauza mayi ake kuti mwanayu sukulu siimulowa, ndipo kumutumiza ku seminale n'kutaya ndalama chabe. Mayi ndi mwana sanagwe mphwayi. Anayenda ulendo wapansi wa mapemphero kupita ku La Louvesc, kumanda a Jean-François Régis woyera, ndipo atabwerako Marcellin anakonza katundu wake. Zina mwa zofunika anagula ndi ndalama za nkhosa zake zija.

Mu Novembala 1805 analowa seminale yaing'ono ya Verrières ali ndi zaka 16. Malowo anali osauka: nyumba zakutha, chakudya chochepa, pogona popanikizana. Iye anali wamkulu ndi wamtali kuposa anzake a m'kalasi, Chifalansa chake chinali chosakanikirana ndi chilankhulo chakumudzi, ndipo tiana tinkamuseka. Pakutha pa chaka choyamba akuluakulu a seminale anagamula kuti asabwerenso.

Amene anaonapo mnzathu akumanga katundu wake komaliza akudziwa kulemera kwa uthenga woterewu, kwa mwana ndi kwa makolo omwe. Mayi a Marcellin sanamunyoze mwana wawo, komanso sanapite kukalalatira ansembe. Anamutenganso ulendo wa ku La Louvesc, kenaka anapempha Bambo mfumu a parishi yawo kuti akamulankhulire. Akuluakulu a seminale anavomera kumupatsa mwayi wachiwiri.

Tisaganize kuti kuyambira pamenepo zonse zinayera. Chaka chachiwiri Marcellin analowa kagulu ka anyamata okonda zosangalatsa, amene ankazemba kupita kumalo omwera mowa. Chimene chinamutsegula maso ndi imfa yadzidzidzi ya mnzake wina wapamtima m'chaka cha 1807, pamodzi ndi chidzudzulo cha mkulu wa seminale. Anayamba kudzigwira. M'chaka cha 1810 mayi ake anamwalira, osaona tsiku la unsembe wa mwana amene anamumenyera nkhondo. Marcellin ankalemba m'kabuku malonjezo ake: kupewa malo a mowa, kuthana ndi kunyada, kuphunzitsa katekisimu osauka ndi olemera omwe. Atasankhidwa kukhala woyang'anira chipinda chogona, ankadikira anzake agone, iye n'kuyatsa nyale ndi kuwerenga mpaka usiku. Nzeru zamkalasi sizinachuluke mwadzidzidzi ayi, koma khama linamuwolotsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

UNSEMBE NDI LONJEZO LA KU FOURVIÈRE

Mu Novembala 1813 analowa seminale yaikulu ya Irénée woyera mumzinda wa Lyon. Mwa anzake kumeneko munali Jean-Marie Vianney, amene nayenso Chilatini chinamusautsa koma lero ndi nkhoswe ya ansembe a m'maparishi. Munalinso Jean-Claude Courveille ndi Jean-Claude Colin, amene pamodzi ndi ena anayamba kukambirana zoyambitsa chipani cha Amayi Maria, chokhala ndi ansembe, asisiteri ndi akhristu eniake. Marcellin analowa m'gululi, koma pamsonkhano uliwonse ankabwereza mfundo imodzi: pakhalenso abulazala ophunzitsa ana akumudzi. Anzakewo atatopa naye anamuuza kuti popeza ganizolo ndi lake, ntchitoyo aisenze yekha.

Anadzozedwa unsembe pa 22 Julayi 1816. M'mawa mwake iye ndi anzake anakwera phiri la Fourvière, pamene pali tchalitchi cha Amayi Maria, nalonjeza kuti adzapereka moyo wawo pa ntchito yoyambitsa chipanicho.

Mu Ogasiti chaka chomwecho Bambo Champagnat anatumizidwa kukathandiza Bambo mfumu ku La Valla, parishi ya m'mbali mwa phiri la Pilat. Amene amadziwa midzi ya m'mapiri a kuno ku Dedza angathe kuliona dera limeneli m'maganizo: timidzi tomwazikana m'zigwa ndi m'zitunda, tinjira toterera, mphepo yozizira yolowa m'mafupa, anthu odalira mbatata ya kachewere ndi ziweto. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko m'nyengo yachisanu kumagwa chipale choyera ngati ufa, chimene chimakwirira njira ndi minda yomwe. Wansembe wachinyamatayu ankayenda pansi usana ndi usiku kukaona odwala, ndipo m'mawa ankasonkhanitsa ana kuwaphunzitsa katekisimu.

Tsiku lina anaitanidwa kwa mnyamata amene anali kumwalira. Mbiri ya a Marist imamutchula kuti Jean-Baptiste Montagne, wa m'mudzi wa Les Palais, ndipo imaika tsikulo pa 28 Okutobala 1816. Bambo atafuna kumulapitsa anapeza kuti mnyamatayo, ngakhale anali atakula ndithu, sankadziwa chilichonse cha Mulungu. Anakhala naye maola awiri akumuphunzitsa, namupatsa masakramenti. Atapita kukaona wodwala wina n'kubwerera, anapeza maliro. Pobwerera kwawo funso linali limodzi mumtima mwawo: kodi ana otere alipo angati m'mapiri muno? Anaona kuti nthawi yodikira yatha.

KANYUMBA KA KU LA VALLA

Pa 2 Januwale 1817 anyamata awiri analowa m'kanyumba kakang'ono pafupi ndi tchalitchi. Wina anali Jean-Marie Granjon, amene adakhalapo msilikali, ndipo wina anali Jean-Baptiste Audras, mnyamata wa zaka zosakwana 15. Tebulo lodyera ndi mabedi anakhoma ndi manja awo Bambo Champagnat. Ili ndilo tsiku limene a Marist amawerengera kubadwa kwa chipani chawo. Dzina limene anawapatsa linali Abale Aang'ono a Maria.

Moyo wa m'nyumbamo unali wosavuta kuufotokoza: kudzuka m'mamawa, kupemphera, kuphunzira kuwerenga ndi kulemba, kulima dimba, ndi kusula misomali yogulitsa kuti apeze chakudya. Ankaphika mosinthana. Chakudya chinali buledi, mbatata ya kachewere, ndiwo zamasamba ndi madzi akumwa. Posakhalitsa makolo a Audras anatuma mwana wawo wamkulu, Jean-Claude, kuti akatenge mng'ono wakeyo abwerere kumudzi. Atacheza ndi Bambo Champagnat, wotumidwayo nayenso anatsala komweko, nadzatchedwa Bulazala Laurent. M'chaka cha 1818 kunabwera kamnyamata ka zaka khumi, Gabriel Rivat, kamene kanadzakhala Bulazala François, mlowam'malo wa woyambitsa chipani.

Bambo Champagnat anaona kuti sangalere anyamatawa akugona kunyumba ya ansembe. Anasamuka nakakhala nawo, kudya chimene iwo akudya ndi kugwira ntchito imene iwo akugwira. Ansembe ena anaona ngati akunyozetsa mkanjo. Koma apa ndi pamene panabadwira chimene a Marist amachitcha mzimu wa banja: mkulu ndi wamng'ono kudyera tebulo limodzi, ndipo Amayi Maria kukhala mayi wa nyumba.

Bulazala Laurent anapempha kukaphunzitsa ku Le Bessat, mudzi wa pamwamba penipeni pa phiri. Lachinayi lililonse ankatsika ku La Valla kudzatenga kamba wa mlungu wonse, mbatata, buledi ndi tchizi, n'kukwera nazo pamsana m'chipale. Kumudziko ankayenda ndi kabelu m'manja kuitana ana ndi akulu omwe. Sukulu zinayamba kutsegulidwa: ku La Valla komweko, ku Marlhes kwawo kwa Bambo, ku Saint-Sauveur m'chaka cha 1820, ndi ku Bourg-Argental m'chaka cha 1822.

SUKULU YA MTUNDU WANJI?

Abulazala ophunzitsa analipo kale ku France, makamaka a chipani cha Jean-Baptiste de La Salle woyera, koma ambiri anali m'matauni chifukwa midzi sinkatha kuwalipira. Bambo Champagnat anakonza zoti abulazala awo azipita awiriawiri kapena atatuatatu, pa mtengo wotsika umene mudzi wosauka ungakwanitse. Mudzi unkapereka nyumba, kalasi ndi kadimba. Abulazala ankadziphikira ndi kudzichapira okha, ndipo kawirikawiri wamng'ono pa onse ndiye anali wakukhitchini, akuphunzira uphunzitsi pothandiza m'kalasi ya ana oyamba. Ana ambiri ankabwera kusukulu m'nyengo yachisanu yokha, kuyambira chaka cha Oyera Onse mpaka Pasaka, chifukwa kukatentha ankafunika kubusa ndi kumunda. Vuto limeneli makolo ndi aphunzitsi a kwathu kuno akulidziwa, pakuti nthawi yokumba kachewere ndi masiku a msika mipando ina m'kalasi imakhala yopanda anthu.

Chiphunzitso chachikulu cha Bambo Champagnat kwa aphunzitsi awo chinali chakuti munthu sangalere mwana amene sakumukonda, ndipo ana onse ayenera kukondedwa mofanana. Pokumbukira khofi lija, ankadana ndi kumenya ana ndi kuwapatsa maina achipongwe, m'nthawi imene chikoti chinali chinthu chozolowereka m'sukulu. Ankafuna kuti mphunzitsi azikhala pakati pa ana ngakhale nthawi yopuma, azisewera nawo ndi kuwadziwa maina ndi makomo awo. Analowetsa kuimba m'sukulu zakumidzi, analimbikitsa mapemphero a mwezi wa Meyi, ndipo analamula njira yatsopano yophunzitsira kuwerenga, ngakhale abulazala ena anayamba aikana.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ku La Valla ankalandiranso ana amasiye. Mmodzi mwa iwo, Jean-Baptiste Berne, anatengedwa mayi ake atamwalira mu umphawi wadzaoneni. Anali wamwano, wosamva, ndipo anathawa kangapo. Abulazala atatopa anapempha kuti achotsedwe. Bambo Champagnat anawafunsa kuti akamutaya mumsewu adzakhala atapindula chiyani, nawapempha kuti apirire pang'ono. Patapita nthawi mwanayo anasintha, napempha kulowa chipani, ndipo anamwalira ali bulazala m'chaka cha 1830, akadali mnyamata.

CHAKA CHIKATHA, ONSE KUNYUMBA

Anyamata ofuna kulowa chipani atachuluka, kanyumba ka ku La Valla kanachepa. M'chaka cha 1824 Bambo Champagnat anakongola ndalama nagula malo m'chigwa cha mtsinje wa Gier, pafupi ndi tauni ya Saint-Chamond. Malowo anali thanthwe lokhalokha. Iwo eni anagwira nyundo ndi chitsulo, kuswa miyala pamodzi ndi amisiri, abulazala akusenza mchenga ndi matope. Ambiri ankati wansembeyu wazungulira mutu, pakuti analibe ndalama. Koma mu 1825 banja lonse linasamukira m'nyumba yaikuluyo, imene anaitcha Notre-Dame de l'Hermitage. Mutu umodzi susenza denga.

Nyumba imeneyi ndiyo inali mtima wa sukulu zonse, makamaka pakutha pa chaka. Sukulu zikatsekedwa, abulazala ankatseka makomo awo n'kuyenda pansi kubwerera ku Hermitage. Kumeneko ankachita m'bindikiro wa masiku angapo, kenaka n'kukhala pansi ngati ana asukulu kuti awonjezere maphunziro awo. Akulu a nyumba ankafotokoza mmene chaka chayendera. Aphunzitsi ankabweretsa mapepala olembedwa ndi ana awo, kuti aone ngati dzanja la mwana lasintha pakati pa chiyambi ndi mapeto a chaka. Tione bwino pamenepa: pakutha pa chaka amene ankayesedwa sanali mwana yekha, koma mphunzitsinso. Pomaliza Bambo ankalengeza kumene aliyense akapite chaka chotsatira.

Pa misonkhano yotereyi madandaulo sankalephera. Mkulu wa nyumba ina anadzaneneza Bulazala Sylvestre, kamnyamata kanthabwala kamene kanali kakukhitchini, kuti tsiku lina kanakankha wilibala kukwera nayo masitepe mpaka m'chipinda chowerengera. Onse anayembekeza chilango. Bambo Champagnat anayankha moseka kuti chodandaulitsa n'chakuti wilibalayo sinafike pamwamba penipeni pa nyumba, chifukwa ikanafika akanamupatsa mphoto. Kenaka anakumbutsa akuluwo kuti mwana amene akumusiya yekha, osacheza naye, adzadzipezera yekha masewera. Umu ndi mmene ankatetezera aang'ono popanda kugwetsa mwambo.

Chaka chili mkati, iwo ankayendera sukulu zonse, kawirikawiri wapansi, kufunsa ana mafunso ndi kuona mmene abulazala akukhalira. Mu Febuluwale 1823 anamva kuti bulazala wina wadwala kwambiri ku Bourg-Argental, ndipo anawoloka phiri kukamuona. Pobwerera usiku, iwo ndi Bulazala Stanislas anasokera m'chipale mpaka mnzawoyo anakomoka. Bambo anagwada napemphera pemphero lija la Kumbukirani kwa Amayi Maria. Posakhalitsa anaona kuwala kwa nyale: mlimi wina anali atatuluka kukaona ziweto zake. Anagona kwa mlimiyo napulumuka.

MASIKU A MDIMA

Kumapeto kwa chaka cha 1825, atabwera kuyendera sukulu, Bambo Champagnat anadwala mwakayakaya. Angongole atamva anathamangira ku Hermitage. Bambo Courveille, amene anatenga utsogoleri pa nthawiyo, analamulira mwankhanza mpaka abulazala ambiri anaganiza zobwerera kwawo. Bulazala Stanislas ndiye anawalimbitsa mtima, napita kukapempha Bambo mfumu a ku Saint-Chamond kuti athandize pa ngongole. Wodwalayo atangotha kuimirira, anadzikoka kukaonekera pamaso pa abulazala kuti adziwe kuti bambo wawo akadalipo. M'chaka cha 1826 Bambo Courveille anachoka atapalamula mlandu wochititsa manyazi, ndipo Jean-Marie Granjon, mwana woyamba uja wa chipani, nayenso anasiya. Mabala amenewa anali akuya, koma sukulu sizinatsekedwe.

Mtanda wina unali boma. Lamulo la maphunziro la 1833 linafuna kuti mphunzitsi aliyense akhale ndi setifiketi, ndipo popeza chipanicho sichinali chovomerezedwa ndi boma, abulazala achinyamata akanatha kutengedwa kupita ku usilikali. Bambo Champagnat anapita ku Paris mu 1836, napitanso mu 1838, pamene anakhala miyezi ingapo akuyenda ofesi ndi ofesi. Anabwerako chimanjamanja. Chilolezocho chinadzaperekedwa mu 1851, iwo atagona kale m'manda zaka 11.

Panalinso zokondweretsa. Mu 1836 Papa Gregory XVI anavomereza chipani cha ansembe a Marist nawapatsa ntchito yofalitsa Mthenga Wabwino kuzilumba za Oceania. Bambo Champagnat anachita malumbiro awo mu Sepitembala chaka chomwecho, pansi pa Bambo Colin monga mkulu. Ankalakalaka kupita nawo ku mishoni, koma anauzidwa kuti atsale ndi sukulu. M'malo mwake anatumiza abulazala atatu pamodzi ndi gulu loyamba, mmene munali Bambo Pierre Chanel, amene anadzaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro pachilumba cha Futuna mu 1841.

IMFA YAKE NDI ZIPATSO ZAKE

Matenda a m'mimba amene anayamba mu 1825 sanawasiye. Poona kuti mphamvu zikutha, abulazala anasankha Bulazala François kukhala mtsogoleri mu Okutobala 1839. Pa 18 Meyi 1840 mawu otsiriza a Bambo anawerengedwa pamaso pa onse. Sanakambe za nyumba kapena za ndalama, koma anapempha ana awo kuti akondane monga ankachitira akhristu oyamba, akhale omvera, odzichepetsa ndi okonda Amayi Maria. Anamwalira Loweruka m'bandakucha, pa 6 Juni 1840, ali ndi zaka 51, pa nthawi imene abulazala ankaimba nyimbo ya Salve Regina. Anasiya abulazala pafupifupi 280, sukulu 48 ndi ana asukulu pafupifupi 7,000.

Papa Pius IX anavomereza chipanichi mu 1863. Papa Pius XII analengeza Marcellin kukhala wodala pa 29 Meyi 1955, ndipo Papa John Paul II anamulengeza kukhala woyera pa 18 Epulo 1999. Eklezia amamukumbukira pa 6 Juni.

Abulazala a Marist anafika mu Afrika mu 1867 ku Cape Town. Kuno ku Malawi anafika mu 1946 kuchokera ku Canada. Kuwonjezera pa Mtendere, aphunzitsa anyamata ambiri ku Likuni ndi ku Zomba, ndiponso ku Chassa kutsidya kwa malire, m'chigawo chakum'mawa cha Zambia. Ansembe, aphunzitsi, madokotala ndi makolo ambiri amene tili nawo lero anadutsa m'manja mwawo. Zonsezi zinachokera kwa mwana amene alamu ake anamugamula kuti sukulu siimulowa.

NANGA IFE?

Kuyambira mu 1994, pamene boma linathetsa fizi ya kupulayimale, ana m'makalasi athu anachuluka kwambiri, moti n'kosavuta kuti mwana wofooka asowe pakati pa anzake popanda womuzindikira. Moyo wa woyera uyu ukutifunsa tonse funso pa tsiku lotsekera sukulu.

Inu makolo, mwana akabwera ndi lipoti loipa, kumbukirani mayi a Marcellin. Iwo sanatseke maso pa zofooka za mwana wawo, koma sanamulembenso m'madzi. Anayenda naye, anapemphera naye, anakagogoda pakhomo loyenera. Kubwereza kalasi si imfa. Choopsa ndi kumuuza mwana kuti ndi mbuli, n'kumutumiza kumsika kukagulitsa kachewere kapena kumukwatitsa asanakhwime.

Inu Abambo athu ndi aphunzitsi a m'sukulu za mishoni, Bambo mfumu a ku Marlhes akanakhala chete, Eklezia akanataya woyera. Mawu amodzi omulankhulira mwana, kapena ulendo umodzi wokaona kwawo, ungathe kusintha moyo wonse. Pogawa mphoto, pakhalenso kena kake ka mwana amene wachoka pa nambala 60 kufika pa 40, ndi amene sanajombe ngakhale amachokera kutali m'chisanu cha mu Juni.

Ndipo ife aseminale tisanamizire nkhaniyi pa ulesi wathu. Marcellin sanapulumuke chifukwa chomveredwa chisoni chokha. Anasiya kagulu koipa, anamvera chidzudzulo, anayatsa nyale anzake ali m'tulo. Si onse amene amachoka pa seminale amene amabwerera, ndipo si onse amene Mulungu amawaitanira ku unsembe. Koma aliyense wa ife pa tchuthi chino ali ndi mng'ono kapena mlongo kumudzi amene akuvutika ndi kuwerenga, ndiponso ana a m'limana amene sadziwa chizindikiro cha mtanda. Tisadikire kudzozedwa kuti tiyambe. Kope, pensulo ndi mthunzi wa mtengo n'zokwanira.

Marcellin Champagnat woyera, mutipempherere ife, aphunzitsi athu ndi ana onse a m'sukulu zathu.